Kingstone Mukhuwa ndi Chingwe cha pa Doko

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse za Kingstone Mukhuwa, ngakhale ndinamudziwa kuyambira ali mwana ndipo tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Munthuyu akakhala pakhonde ndi mayi ake ankayankhula Chilomwe chokhachokha, chija chozama cha kutsidya kwa malire, n'kumaseka nthabwala zimene ife ena obadwira kuno tinkangozimva mwapatalipatali. Munthu yemweyo ndiye ankaima pa msika wa Thuchila, chimkuzamawu chili kukamwa, kuuza boma kuti litseke tinjira tonse timene anthu a ku Mozambique amalowera m'dziko muno. Kaya ziwirizi ankazisunga bwanji mumtima umodzi, ine sindidziwa. Sindimutama ndipo sindimuweruza. Ndingonena mmene zinayendera.

Mayi ake, a Esteri, anaoloka mtsinje wa Muloza nthawi ya nkhondo ya kwawo, ali mtsikana, ndi nsalu yokhayo imene anavala. Anayamba kuthyola tiyi pa esiteti ina, nakwatiwa ndi mlonda wa pamenepo, amenenso agogo ake anali ochokera konko. Pambuyo pake anapeza kamunda m'mudzi wina kufupi ndi Thuchila. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo anati sangasiye ana awo awiri amene anali atagona kale kumanda a pamudzipo. Kwawo kunatsala mlongo wawo, a Isake, mwinimbumba wa fuko lawo, amene ankabwera pa njinga chaka ndi chaka anthu akakolola, atamangirira makaka ndi kalongonda pa kaliyala.

A Esteri sankapempha zambiri kwa mwana wawo. Sopo akasowa sankanena. Chimene ankabwereza, makamaka amuna awo atamwalira, chinali chimodzi.

"Mwanaka, ndikafa mundiike kuno, pafupi ndi abale ako. Koma khasu lisakhudze nthaka atsibweni ako asanafike. Malo akaloze ndi iwowo."

Kwa anthu athu nkhani imeneyi si yaing'ono. Mwana saloza manda a mayi ake. Woloza ndi mwinimbumba, amene anayamwa bere limodzi ndi malemuyo, ndipo munthu akaikidwa popanda wakwawo kuloza malo, amati wangotayidwa ngati mlendo wofera panjira. Kingstone ankawadzudzula kuti asamaitane imfa masanasana, koma analonjeza, ndipo sanalonjeze kamodzi.

Unyamata wake anathera pa Likhubula, kunyamula zikwama za alendo okwera phiri la Mulanje mpaka kukanyumba ka pa Chambe. Sanali wamphamvu kuposa anzake, ndipo ankadziwika kuti amadandaula njira yonse. Chimene anali nacho ndi mawu. Akaitana mnzake wotsalira m'mbuyo, matanthwe ankabweza dzinalo mpaka kumunsi. Bondo litayamba kumuvuta anatsika phiri, nakwatira mayi wina dzina lake Lines, nakakhala chikamwini kwa mkaziyo. Analima, anayesa kabaza, ndipo pa maukwati ndi pamaliro ndiye ankaitanidwa kuyendetsa mwambo, malipiro ake mbale ya chakudya ndi zikomo.

Kenaka kunabwera namondwe wa Freddy. Munda wa kwa a Lines unasanduka mchenga ndi miyala yogubuduka kuphiri. Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chisanamasule. Njala ikalowa m'mudzi pakamwa pa anthu pamasaka wolakwa, ndipo wolakwa anapezeka msanga. Ankati a kutsidya ndiwo amalawirira pa mzere wa kuchipatala n'kumaliza mankhwala. Ankati shuga akusowa chifukwa akuolokera uko. Mbuzi ikabedwa, ankati yaoloka mtsinje. Zina zinali zoona, zambiri inali njala ikuyankhula.

Ndi nthawi imeneyo pamene kunatulukira bungwe lotchedwa Titchinge Malire. Wapampando wake anali Winston, bambo wa kufupi ndi malire komweko amene kale ankaitanira maminibasi. Zofuna za bungweli zinali zomveka bwino: boma litseke madoko a pamtsinje ndi tinjira ta m'tchire, aliyense azilowera pachipata cha boma ndi chiphaso m'manja, ndipo achipatala azifunsa chitupa cha unzika asanapereke ngakhale panado. Winston anamumva Kingstone akuyendetsa mwambo pamaliro ena, ndipo sabata isanathe anamupeza kunyumba. Anamuuza kuti mawu ngati amenewo si owonongera pa akufa okha.

Anamuika kukhala mneneri wa bungwe. Anamupatsa tisheti yobiriwira ndi chimkuzamawu. Posakhalitsa kunabwera njinga yamoto, ndi mafuta ake, ndipo mwezi ukatha thumba la chimanga linkatsika pakhomo. Ana a Kingstone anayambanso kudya kawiri pa tsiku. Iye ankazungulira misika, Thuchila, Chitakale, Limbuli, ndipo anthu ankasiya malonda kudzamumvera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, akuluakulu ankamupatsa mpando.

Amene anafunsa poyera za komwe zinthuzi zinkachokera anali a Salehe, ogulitsa zitsulo za njinga pa Thuchila, amene makasitomala awo ambiri anali anthu omwewo obweretsa chimanga pa njinga kuchokera kutsidya. Tsiku lina Kingstone akuimika njinga yamoto pafupi ndi okala yawo, anamuitana.

"Che Kingi, paja munati bungwe lanuli ndi la ife amphawi?"

"Eya, la amphawi, che Salehe."

"Amphawi ake ati amene akuthira petulo wa m'zigubu masiku ano? Mundionetse, nane ndikasauke nawo."

Anthu anaseka. Kingstone anayankha monga anaphunzitsidwa, kuti mamembala amasonkha okha, kuti pali akufuna kwabwino amene safuna kutchulidwa, ndiponso kuti bungweli lili pansi pa mgwirizano waukulu wa nzika zokhudzidwa umene likulu lake lili ku Blantyre. A Salehe anati iwo mbale ya chopereka sanaionepo ikuyenda pamsonkhano uliwonse, ndipo nzika za ku Blantyre zimene zimasowa tulo chifukwa cha doko la ku Muloza akufuna adzazione ndi maso asanafe.

Kingstone sanali wopusa. Ankaona kuti pa misonkhano ikuluikulu mpando wa patsogolo unkasungidwira a McDonald, mwini depoti ya chimanga kufupi ndi Limbuli, munthu wofatsa amene sankayankhula kupitirira moni. Ankaonanso kuti mafuta akatha Winston amapita kuseri kukaimba foni, kenaka n'kulowera cha kudepoti. Zimenezi ankaziona monga munthu amaonera mtambo ali paulendo: amadziwa tanthauzo lake, koma amangowonjezera liwiro.

Bungwe linayenda ulendo wa ndawala kukatula madandaulo ku boma, ndipo akuluakulu analonjeza kuti awaunika. Miyezi itapita popanda yankho, Winston anati eni dziko sangadikire mpaka kalekale. Anamanga zingwe pa tinjira totsikira ku madoko, paliponse pali amuna a matisheti obiriwira. Lamulo lake analilengeza ndi Kingstone yemwe, msika ndi msika: katundu aliyense woolokera padoko popanda chiphaso alandidwe, pamodzi ndi njinga yomwe yamunyamula, akaperekedwe kwa akuluakulu. Palibe anafunsa kuti akuluakulu ake ati. Njinga za chimanga zinachepa pamsewu, mtengo wa ndowa pa Thuchila unakwera, ndipo pa okala ya a Salehe panayamba kuuma. Chaka chimenecho a Isake sanabwere anthu atakolola.

A Esteri sanakangane naye mwana wawo. Anangosiya kumuyankhula Chilomwe. Akawapatsa moni wa kwawo, iwo ankayankha m'Chichewa chawo chopindika chija, mwaulemu ngati akuyankha wa ku ofesi. Atawafunsa chifukwa, anati akuopa a mneneri angawazindikire kuti ndi obwera. Iye anaseka, nawauza kuti bungwe silikunena anthu ngati iwo. Iwo anafunsa kuti nanga likunena anthu ngati ndani, ndipo anapitiriza kusenda chinangwa.

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Uthenga unapita kutsidya pa foni ya mphwawo wina, ndipo yankho linabwera kuti a Isake anyamuka m'mawa mwake. Anthu anasonkhana, amayi anadzaza m'nyumba ya siwa, adzukulu anakakhala pamthunzi kumanda, makasu ali pambali, kudikira woloza. Tsiku linatha osafika. M'mawa mwake sanafikebe, ndipo foni ya kutsidya inkangoti ananyamuka kale. Dzuwa litakwera, amayi anayamba kutentha masamba a bulugamu pakhomo la siwa, ndipo aliyense anadziwa chifukwa chake. Akulu a mpingo anamutengera Kingstone pambali namuuza kuti thupi silingadikirenso nthawi yaitali. Iye anawapempha kuti khasu lisagwire ntchito kufikira atabwerako, nakwera njinga yamoto.

Njira imene atsibweni ake ankadzera ankaidziwa. Anapeza chingwe chili chomangidwa pakati pa mtengo wa mango ndi chitsa, Winston ndi amuna ena akusewera bawo pamthunzi. Anaimirira onse kumupepesa, namuuza kuti bungwe likukonzeka kubwera kumaliro mwamphamvu. Kingstone anafunsa ngati dzulo lake panadutsa bambo wachikulire wa njinga yakuda.

Winston anamukumbukira msanga, madala wamakani uja wa chipewa cha mlaza. Anafika ndi thumba la ufa pa kaliyala, akuti akupita kumaliro a mlongo wake. Anamuuza kuti asiye ufa ndi njinga, apitirire wapansi ngati malirowo ndi enieni. Iye anakana, nakakamira kaliyala ndi manja onse awiri, mpaka amunawo anachita kumumasula zala mokakamiza. Pokokanapo madalayo anagwera pamiyala. Anakhala pansi pomwepo nthawi yaitali, kenaka anadzuka naoloka kubwerera.

"Aliyense amati maliro, akulu," anatero Winston. "Akanakhala kuti onse amanena zoona, bwenzi Mulanje yense atatha."

"Anakuuzani kuti malirowo ndi a ndani?"

"Anangoti mlongo wake, wa ku Thuchila." Nkhope ya Winston inasintha. "Koma dzina lanu sanatchule, akulu. Akanangoti ndine mtsibweni wa a mneneri, ndani akanamugwira?"

Kingstone anadziwa kuti a Isake sanaiwale dzina lake, anangosankha kusalitchula. Anafunsa komwe kunapita ufa ndi njingayo. Winston anamuyang'ana modabwa, ngati munthu wafunsa komwe dzuwa limalowera, nati galimoto inadzatenga madzulo kupita nazo kwa bwana, monga mwa masiku onse.

Kudepoti anali asanalowepo kuseri kwa mpanda. Tsiku limenelo analowa. Panali lole yaikulu ya nambala za ku Mozambique, yodzera pachipata cha boma ndi mapepala ake onse, ikutsitsa matumba a chimanga. Otsitsawo ankaitanizana m'Chilomwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Kuseri kwa chigayo kunali mulu wa njinga zolandidwa, zina zitayamba dzimbiri. Chitseko cha kachipinda kena chinali chotsegula, ndipo mkatimo munali mabelo a matisheti obiriwira osamasula, ndi chinsalu chija cha mgwirizano wa nzika zokhudzidwa chimene ankachikweza pa misonkhano, chitapindidwa pamwamba pa sikelo yakutha. Likulu la ku Blantyre linali limenelo.

A McDonald anatuluka okha kudzamulandira, namugwira dzanja ndi manja awiri. Anamva nkhani yonse mosadula mawu, napukusa mutu, nati anyamata amapyola muyeso nthawi zina. Analamula kuti njinga yakuda ifunidwe pamulupo. Za ufa anafunsa kapitawo wawo, ndipo kapitawoyo anati unaphikidwa dzulo lomwelo, anadya ndi otsitsa katundu. A McDonald anati zimenezo zisamudetse nkhawa, atenge thumba lina la pachigayo, lalikulu kuposa lija.

"Ndiye kuti bungwe lonseli ndi lanu, bwana?" anafunsa Kingstone.

"Bungwe ndi la anthu, Kingi. Ine ndimangothandiza."

"Chimanga chanuchi chikuchokera komweko kumene tikutseka."

"Changa chimalipira msonkho pachipata. Wa njinga salipira kanthu, n'kudzandigwetsera mtengo pakhomo panga pomwe. Ndalakwa kupempha kuti lamulo ligwire ntchito?" Anayankhula mofatsa, ngati akulangiza mwana wawo. "Iwe unkayesa matisheti amagwa ndi mvula? Thumba limatsika kwanu mwezi ndi mwezi, sunabwerepo kudzafunsa munda wake. Usayambe lero, uli ndi maliro."

Panalibe bodza pa zimene a McDonald ananenazo. Thumba la ufa Kingstone analitenga. Anthu a kudepoti anamuperekeza nalo pa galimoto mpaka pachingwe, pamodzi ndi njinga ija, iye akutsogola pa njinga yamoto. Analisiya pansi pa mango, navula tisheti, napinda buluku, naoloka mtsinje akukankha njinga ya atsibweni ake. Madzi anali ofika m'mawondo basi.

Anawapeza m'mudzi woyamba kutsidyako, pakhonde la mnzawo wina, mkono uli womangidwa ndi chitenje. Anagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, nawaonetsa njinga, nawauza kuti ufa wina ukudikira padoko ndipo palibe amene awagwirenso.

"Atsibweni, tiyeni. Amayi akudikira inu."

A Isake anafunsa kuti ufa umene ukudikirawo ndi wa ndani. Atamva, anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza mlendo wosadziwa za kuno. Ufa umene ananyamula sunali wogula. Uthenga utafika, nyumba iliyonse ya fuko lawo inatapa chimanga m'nkhokwe, china cha m'munda umene ankalima mayi awo a Esteri, ndipo amayi anasinja tsiku lonse kuti anthu odzalira mwana wawo adye za kwawo. Mwinimbumba akalowa pamaliro chimanjamanja, anthu amati fuko lamukana malemuyo. N'chifukwa chake sakanasiya thumbalo pachingwe n'kupitirira wapansi. Ndipo kulowa ndi ufa wa munthu yemwe anawalanda, anati kumeneko ndiye kugulitsa mlongo wawo ali chigonere.

"Ndinakumvani tsiku lina pa Limbuli," anatero, akumutchula mwaulemu umene sanamutchulepo chibadwire. "Ndisanakuoneni ndinati, awo ndi mawu a bambo anga, ameneyo ndi mwana wa Esteri. Ndinaimika njinga kuti ndinyadire. Kenaka ndinamva zimene mawuwo ankanena."

"Ndinalakwa, atsibweni. Koma amayi sanalakwe."

"Sanalakwe. Ndamulira kuno, ndipo ndimulirabe. Koma nthaka ija mwati ndi yanu. Inu ndinu eni dziko, bwana. Kalozeni nokha."

Kingstone anachonderera mpaka mthunzi unasuntha pakhondepo. Mwini nyumba anayesa kuikapo mawu, osathandiza. A Isake anakokera njinga pafupi ndi dzanja lawo labwinolo, nayamba kuyang'ana masipoko opindika, ndipo sanadzutsenso mutu.

Atafika ku Thuchila dzuwa litapendeka, anapeza pabwalo pali tenti imene sanaisiye, ndi bokosi lopaka vanishi lili pakhomo la siwa. Zinali zochokera ku bungwe, ndipo akulu a pamudzi anali atalandira kale, popeza banja linali lisanapeze matabwa. Anthu anayang'ana kumbuyo kwa njinga yamoto, naona kuti wabwera yekha.

Anapita kumanda. Mkulu wa adzukulu anamufunsa ngati mwinimbumba ali m'njira. Iye anati ayi. Anafunsanso ngati palibe wina aliyense wa kuchikazi, ngakhale wa patali. Panalibe. Kingstone anayenda pakati pa mitumbira mpaka pamene panagona abale ake awiri aja, natambasula dzanja, naloza. Adzukulu anayang'ana kumbali pamene ankalozapo, ndipo anakumba mosaimba nthabwala zawo za masiku onse.

Mwambo unachitika mofulumira chifukwa cha mmene thupi linalili. A bungwe anabwera atavala zobiriwira, Winston ali pakati pawo, ndipo anathandiza kunyamula bokosi. A McDonald anapatsidwa mpata, nayankhula mwachidule kuti a Esteri anali mayi wa bungwe lonse, amene anabereka mwana wokonda dziko lake. Itakwana nthawi ya mawu a banja, onse anatembenukira kwa Kingstone, munthu amene anayankhulira maliro a anthu ena osawerengeka. Anaimirira. Anayang'ana dzenje, nayang'ana anthu. Kenaka anakhala pansi, ndipo mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo kuti aphimbe chetecho.

Anakhala pamudzipo mpaka tsiku lometa. Sankadya kwenikweni, ndipo odzamupepesa ankangowagwira dzanja. Winston anabwera kudzamuuza za msonkhano wa pa Chitakale, iye anangomuyang'ana mpaka mnzakeyo anatsanzika yekha.

Litapita tsiku lometa, anakankha njinga yamoto osailiza mpaka pa okala ya a Salehe, chimkuzamawu atachimangirira kumbuyo. Anawapempha kuti adzapereke kwa mwini wake akadzaifuna. A Salehe anafunsa kuti mwini wake ndani, iye nati akumudziwa, anamudziwa kale iye asanafune kumudziwa. A Salehe, amene sankalola mpata wa nthabwala kuwadutsa, tsiku limenelo anangolandira kiyi namuuza kuti akhale pansi amwe tiyi. Anakana mwaulemu.

A Lines akuti Kingstone anabwerera kunyumba, naika malaya awiri m'kachikwama kake kakale ka kuphiri, nauza ana kuti azimvera mayi awo. Atamufunsa komwe akupita, anati akafika adzaimba. Ena anamuona pa siteji akudikira minibasi ya ku Limbe, ndipo amati analowera ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kuno. Mayi wina wogulitsa nthochi amalumbira kuti anamuona tsiku lomwelo akuoloka Muloza, nsapato zili m'manja, koma a kwa a Isake atafunsidwa anati kumeneko sanafike. Bungwe linapeza mneneri wina mwezi usanathe. Foni ya a Lines mpaka lero sinalire.